Kodi Dothi la M'munda Mwanu Limalemera Bwanji?

Mvula yamphamvu ikagwa mu Blantyre, taimani pa mlatho muone mtsinje wa Mudi kapena Naperi. Madzi amakhala ofiira. Kufiirako ndi dothi lochokera m'minda ya m'mapiri a Ndirande, Soche ndi malo ena otsetsereka. Mukabwerera kumunda kwanu mumaona ngati palibe chachoka. M'phunziro lino tiphunzira kuwerengera kulemera kwa dothi kuti mudziwe kuchuluka kwa lomwe likukuthawani.

Mufunika manambala atatu: kukula kwa malo, kuya kwa dothi, ndi kulemera kwa dothilo pa kiyubiki mita imodzi.

Kukula kwa malo n'kosavuta. Yezani mulitali ndi mulifupi m'mamita, kenaka chulukitsani. Dimba la mamita 20 mulitali ndi mamita 10 mulifupi lili ndi masikweya mita 200.

Pa kuya tengani masentimita 20, chifukwa ndi momwe khasu limafika ndiponso momwe muli chajonde chambiri. Koma samalani, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: masentimita 20 muwalembe kuti mita 0.2, osati 20. Mukaiwala, yankho lanu likula ka 100.

Nambala yachitatu ndiyo yofuna kufatsa. Kiyubiki mita ndi bokosi la mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi ndi mita imodzi kuya. Mumalowa madzi okwana malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Simungakumbe dothi lonselo n'kuliika pa sikelo, choncho yezani lochepa. Pamalo osalala kumbani kadzenje, ndipo dothi lonse lotulukamo mulisunge osataya ngakhale pang'ono. Yalani pepala la pulasitiki m'kadzenjemo, n'kuthiramo madzi ndi botolo lomwe mukudziwa malita ake mpaka adzaze. Madziwo akuuzani kukula kwa dzenje. Dothi lija liyanikeni padzuwa masiku angapo mpaka liume gwa, kenaka liyezeni pa sikelo. Ngati munalowa malita 2 ndipo dothi lalemera makilogalamu 2.6, ndiye kuti lita imodzi ndi makilogalamu 1.3, ndipo kiyubiki mita ndi makilogalamu 1,300.

Musayeze dothi lonyowa, chifukwa muyezera madzi limodzi. Musangotapanso dothi lolimidwa n'kudzaza ndowa, chifukwa likatakasuka limatenga malo ambiri kuposa momwe linalili pansi. Dothi lamchenga kawirikawiri limapereka nambala yokwererapo, pafupifupi 1,500, pomwe lokhala ndi manyowa ambiri limapepukirapo. Nambala yaikulu si chinthu chonyadira ayi. Nthawi zambiri imasonyeza kuti dothi lagogomezeka ngati la panjira, moti mizu ndi madzi zimavutika kulowa.

Tsopano chulukitsani zonse zitatu:

200 × 0.2 × 1,300 = makilogalamu 52,000

Awa ndi matani 52. Mukati mulilonge m'matumba a feteleza a makilogalamu 50, mudzaza matumba 1,040. Kadimba ka kuseri kwa nyumba ku Machinjiri kapena ku Bangwe kameneka!

Nanga ekala? Ekala imodzi ndi masikweya mita oposa pang'ono 4,000. Tiyerekeze kuti chaka chino mvula yakokolola milimita imodzi yokha pamwamba pa munda wonse. Milimita ndi kampata kakang'onong'ono kaja ka pakati pa timizere ta pa rula ya mwana wasukulu, ndipo m'mamita ndi 0.001.

4,000 × 0.001 × 1,300 = makilogalamu 5,200

Matumba 104 apita, inu osaona chilichonse. Wina atakuberani thumba limodzi la feteleza mungathamangire kupolisi, koma awa amachoka mwakachetechete. Ndipo lomwe limayamba kupita ndi dothi lapamwamba, lomwe munathiramo manyowa ndi feteleza wodula uja. N'chifukwa chake sitivomereza mawu oti munda waung'ono sufunika akalozera, mizere yotseka, udzu wa vetiva kapena kuphimbira ndi mapesi.

Chigwembe nachonso chimawerengeredwa chimodzimodzi. Cha mamita 10 mulitali, mita imodzi mulifupi ndi theka la mita kuya chadya makiyubiki mita 5, omwe ndi makilogalamu 6,500, kapena matumba 130. Kumbukiraninso kuti manambala onsewa ndi a dothi louma. Likakhuta madzi limalemera koposa, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri opanda mitengo likhoza kugumuka. Anthu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, anaziona pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023.

Ntchito ya gulu sabata ino: gawanani awiriawiri. Kumbani kadzenje kamodzi kumtunda kwa munda wathu wophunzirira, kena kumunsi komwe dothi limaunjikana, ndi kena panjira yomwe timadutsa. Lembani malita a dzenje lililonse pa kapepala n'kukaika m'thumba la dothi lake kuti zisasokonekere. Tikadzakumana mudzabwere ndi dothi louma, sikelo yopachika, cholembera ndi kope.