Kodi Mumadziwa? Ku California Bwana Amabweza Ndalama za Mafuta

Ku America, malamulo a dziko lonse sakakamiza bwana kubwezera wantchito ndalama zoyendera, pokhapokha ngati zachititsa malipiro ake kutsika kuposa $7.25 pa ola. Koma ku California, gawo 2802 la malamulo a ntchito limati wantchito akayendera ntchito pa galimoto yake, bwana abweze. Mabwana ambiri amatsatira mtengo wa IRS, bungwe lotolera misonkho: mu 2025, masenti 70 pa mailo imodzi, yomwe ndi makilomita 1.6. Ndalamayi imaphatikiza mafuta, matayala, inshuwalansi ndi kutha kwa galimoto. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wochokera kunyumba kupita kuntchito suwerengedwa. Gawo 2802 limakhudzanso foni: mu 2014, khoti la apilo linagamula kuti wantchito akamaimbira makasitomala pafoni yake, bwana azilipirako gawo la bilu.