Ku Glasgow amadyera nkhomaliro kumanda

Abale inu, kwathu munthu akapezeka kumanda masana popanda maliro, mawa lake ali pabwalo la amfumu kuyankha za ufiti. Koma zomwe ndinaona ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndi zina.

Ndinapita kudera lakale la mzindawu kukaona chipilala cha David Livingstone, yemwe anaphunzira za udotolo mumzinda womwewu. Chaima pabwalo la tchalitchi cha Glasgow Cathedral chomwe chinapatulidwa mu 1197. Lero ndi cha Church of Scotland, mpingo womwe unatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876. Pansi pa tchalitchichi pali manda a Mungo woyera, ndipo kutsidya kwa msewu kuli Provand's Lordship, nyumba ya mu 1471.

Nditatuluka, ndinangotsata gulu lomwe linkaoloka kamlatho kuseri kwa tchalitchi. Posakhalitsa ndinazindikira kuti ndalowa kumanda! Miyendo inachita kuzizira. Koma anzangawo ayi ndithu: ena akujambulana zithunzi, ena akuyendetsa agalu, anyamata awiri ali phee pa udzu kudya buledi. Palibe mdzukulu, palibe kupempha chilolezo kwa mfumu.

Mandawa amatchedwa Necropolis. Ali paphiri, ndipo anatsegulidwa mu 1833 ndi bungwe la amalonda la Merchants House. Ziliza za mpondamatiki zina n'zazikulu kuposa nyumba yanga ya lendi. Pamwamba penipeni paima John Knox, ngakhale mwini wakeyo anaikidwa ku Edinburgh.

Chomwe chinandikhudza ndi ichi: paphiripa panagona anthu pafupifupi 50,000, koma ziliza zilipo 3,500 zokha. Ambiri alibe mwala ngakhale dzina. Udzu omwe anyamata aja anakhalapo mwina ndi manda a munthu.

Apa ndinakumbuka mayi anga. Tinawaika kumudzi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma mpaka pano chiliza sitinamange. Ine ndimati achimwene ayambe, achimwene akuti simenti yakwera. Amalume okha ndiwo akudziwa bwino pomwe pali mtumbirawo, nawonso akalamba. Iwo akatisiya, adzatilozera ndani?

Ndinatsika phirilo ndili chete. Madzulo omwewo ndinaimbira achimwene kuti agule matumba atatu a simenti, ndalama ndituma. Iwo anafunsa ngati ndalota mayi. Ndinati ayi, ndachokera kumanda.