Wosewera mpira wakula: timu imupatse zaka zingati?

Ngati mumakonda mpira, mkangano uwu munaumvapo kale. Mwina munaumva pa msika ku Chiuaula, mwina pa bawo, mwina potuluka m'bwalo la 1º de Maio timu ya Ferroviário de Lichinga itamaliza kusewera. Wina amati, "Mdala uja asacoke, amupatse zaka zinayi!" Mnzake amayankha kuti, "Aaa, miyendo inatha uja, akapume."

Akunena wosewera amene watumikira timu nthawi yaitali, ndipo tsopano wapitirira zaka 30. Pangano lake la nchito likutha. Kodi timu imulembenso? Ngati imulembanso, imupatse zaka zingati? Musaone ngati ndi nkhani ya zigoli basi. M'kati mwake muli ndalama za timu, mulinso nsima ya banja la munthu.

Pepala limene limamanga anthu awiri

Pangano la nchito ambiri kuno timalichula kuti kontratu. Ndi pepala limene timu ndi wosewera amasainirana. Limanena malipiro a pa mwezi, tsiku loyamba nchito ndi tsiku lomaliza. Bungwe la FIFA, limene limayang'anira mpira pa dziko lonse, limati pangano lisapitirire zaka 5, pokhapokha ngati malamulo a dzikolo alola zina. Mwana wosafika zaka 18 sangasaine zoposa zaka 3.

Mukasaina, mwamangana. Timu singangomucotsa wosewera cifukwa wasiya kumwetsa zigoli, kapena cifukwa bondo lavuta. Ikamucotsa popanda cifukwa comveka, iyenera kumulipira cipepeso, ndipo kawirikawiri cipepesoco cimawerengedwa kucokera pa malipiro amene anatsala.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti wosewera amalandira meticais 30,000 pa mwezi. Pa caka zikhala 360,000. Pa zaka zinayi zikhala 1,440,000. Tsiku limene mkulu wa timu akusaina, ndiye kuti walonjeza ndalama zonsezo. Munthuyo asewere kapena akhale pa benci, ndalama zituluka ndithu.

Zili ngati kugula nyemba za zaka zinayi lero, pa mtengo wa lero, m'munda umene nthaka yake yayamba kuguga. Mwina munda uberekabe. Koma mwalipira musanaone mvula.

Cimene cimayamba kutha

Thupi la wosewera silitha tsiku limodzi. Coyamba kucepa ndi liwiro, makamaka kuthamanga kwadzidzidzi kuja kopitira mdani. Caciwiri ndi kucira msanga. Mnyamata wa zaka 21 akasewera Lamlungu, Laciwiri ali bwinobwino. Wa zaka 34 minofu imawawabe, ndipo kabala kakang'ono kamatenga masabata.

Kwa timu ya ku Lichinga zimenezi n'zazikulu. Mu ligi ya Moçambola masewero ena ali ku Maputo, ena ku Beira, ena ku Songo m'cigawo ca Tete. Ulendo wokha umatopetsa. Mucoka kuno kozizira mu June, mukasewera kumalo otentha, mubwerere, mawa lake maphunziro. Nthawi yopuma ilipo yocepa, ndipo amene amaifuna kwambiri ndi wamkulu uja.

Malo amene munthu amasewera nawonso ali ndi mbali. Goloboyi amakhalitsa, cifukwa nchito yake ndi maso, manja ndi kudziwa poima. Essam El Hadary wa ku Egypt anagwira pagolo pa World Cup ya 2018 ali ndi zaka 45. Wochinga kumbuyo nayenso amatha kubisa kucepa kwa liwiro poima pamalo oyenera. Koma wosewera m'mbali, amene cuma cake ndi kuthamanga, ukalamba umamupeza msanga.

Zimene zinacitika ku Arsenal

Okonda mpira wa ku England mukumbukira Pierre-Emerick Aubameyang wa ku Gabon. M'nyengo ya 2019 mpaka 2020 anamwetsa zigoli 22 mu ligi. Pa 1 Ogasiti 2020 anamwetsa zigoli zonse ziwiri pamene Arsenal inagonjetsa Chelsea 2-1 n'kutenga cikho ca FA Cup. Pangano lake linali litatsala caka cimodzi. Ocemerera timu anafuula kuti asaine, asaine. Mu Seputembala 2020 anasainadi zaka zitatu, ali ndi zaka 31, pa malipiro apamwamba kwambiri.

Nyengo yotsatira anamwetsa zigoli 10 zokha mu ligi. Mu Epulo 2021 anadwala malungo mpaka kugonekedwa m'cipatala. Inde, malungo omwewa amene timawadziwa kuno. Mu Disembala anamulanda ukaputeni pa nkhani ya mwambo. Mu Febuluwale 2022 iye ndi timu anagwirizana zothetsa pangano, ndipo anapita ku Barcelona. Arsenal sinalandire ndalama yomugulitsira.

Taonani bwino apa. Miyendo ya Aubameyang inali isanathe, cifukwa ku Barcelona anayambanso kumwetsa zigoli. Cimene cinavuta n'cakuti pa zaka zitatu zinthu zambiri zimasintha: matenda, ubale ndi mphunzitsi, kaseweredwe ka timu. Pangano lalitali limatseka khomo lotulukira. Ndipo limasainidwa nthawi imene mitima ikadali yotentha ndi cigoli ca dzulo.

Nanga Dominguez?

Pamenepa wina anena kuti, "Bwanji Dominguez wathu?" Funso labwino. Elias Gaspar Pelembe, amene tonse timamuti Dominguez, anabadwa mu 1983. Anacoka ku Desportivo de Maputo mu 2007 kupita ku South Africa. Kumeneko anatenga cikho ca ligi ndi matimu atatu: SuperSport United, Mamelodi Sundowns ndi Bidvest Wits. Pamene Wits inkapambana mu 2017, iye anali ndi zaka 33. Pambuyo pake anabwerera kumudzi n'kulowa União Desportiva do Songo. Anapita ndi Mambas ku mpikisano wa Africa ku Angola mu 2010, anapitanso ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024 ali ndi zaka 40.

Munthu ameneyu ankadziwika ndi kuthamanga ndi cenga m'mbali mwa bwalo, malo omwe tanena kuti amakalambitsa msanga. Komabe wakhalitsa. Timu imene ikanamutaya ali ndi zaka 31 ikanadziluma cala.

Koma dzifunseni: mwa anzake onse amene anayamba naye mpira, ndi angati anafika zaka 40 akusewerabe? Timakumbukira mmodzi amene anakhalitsa. Ambiri amene bondo linawatsitsa pa zaka 32 tinawaiwala kale. Mkulu wa timu akamasaina sadziwa ngati munthu ali patsogolo pakeyo ndi Dominguez wina, kapena ndi mmodzi wa ambiri aja.

Cimene wamkulu amabweretsa

Tisamunyoze wosewera wamkulu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Timu ikagoletsedwa mphindi zoyambirira, ana amasokonezeka, amangomenya mpira kutsogolo. Wamkulu amauponda, amakweza dzanja, amauza anzake kuti mtima pansi. Amadziwa kulankhula ndi woyimbira popanda kulandira khadi. Amadziwa mabwalo a eni ake ndi phokoso lake. Mnyamata wobwera kumene kucokera ku Cuamba kapena ku Metangula amaphunzira kwa iye nthawi yogona, cakudya, ndi kasungidwe ka malipiro oyamba. Zimenezi sizilembedwa pa bolodi la zigoli, koma timu yopanda munthu wotere imaoneka.

Ndiye funso lenileni si lakuti akhale kapena acoke. Funso ndi kutalika kwa pepala.

Real Madrid ya ku Spain inasonyeza njira ina ndi Luka Modrić. Kuyambira 2021 inkamupatsa caka cimodzi cimodzi. Caka cikatha, ankakhala pansi n'kuonanso. Ali pa mapangano afupiafupi amenewa anatenga nawo Champions League mu 2022 ndi mu 2024, ndipo anacoka mu 2025 ali ndi zaka 39. Ngati timu yolemera conco imawerenga caka ndi caka, kuli bwanji timu ya kwathu kuno, imene imadalira kampani kapena anthu akufuna kwabwino kuti ilipire malipiro ndi maulendo?

Imvaninso mbali ya wosewera

Iye akamapempha zaka zinayi si dyera ayi. Nchito ya mpira ndi yaifupi. Mphunzitsi wa sukulu pa zaka 35 ali pakati pa nchito yake, pamene wosewera mpira ali kumapeto. Ali ndi ana a sukulu, mwina nyumba sinathe kumangidwa, abale kumudzi akuyang'ana kwa iye. Akudziwa kuti ili lingakhale pangano lake lomaliza. Ndipo akukumbukira masiku amene anasewera ndi bandeji pa mwendo cifukwa timu inamupempha. Mukanakhala inu, simukanapempha zomwezo?

Maganizo anga ndi awa. Wosewera m'mbali kapena kutsogolo amene wapitirira zaka 32, timu imupatse caka cimodzi. M'pepala momwemo alembe kuti akasewera masewero okwana mwakuti, caka caciwiri cibwera cokha popanda kukambirananso. Malipiro a pa mwezi akhale oti timu ikwanitsa ngakhale caka coipa, ndipo pamwamba pake pakhale bonasi ya sewero lililonse limene walowa. Goloboyi kapena wochinga kumbuyo amene savulalavulala angapatsidwe zaka ziwiri. Ngati timu ikufuna kumuthokoza, imulipirire maphunziro a uphunzitsi wa mpira, imupatse ana kuti aziwaphunzitsa. Kumeneko ndiye kungalembedwe zaka zambiri, cifukwa nchito imeneyo sifuna liwiro.

Pali munthu winanso amene saitanidwa pa zokambiranazi. Ndi mnyamata wa zaka 19 amene amasewera malo omwewo. Mphunzitsi zimamuvuta kukhazika pa benci munthu wolandira ndalama zambiri. Wamkulu akasaina zaka zinayi, mnyamata uja amawerenga zala n'kuona kuti mpata wake udzabwera ali ndi zaka 23. Ambiri sadikira. Amanyamula cikwama kupita ku Nampula kapena ku Beira, ndipo tsiku lina amabwera kudzatigoletsa pa bwalo lathu lomwe.

Ngati mwana wanu kapena mlamu wanu ndiye wosewerayo, ndipo wabwera ndi pepala kunyumba, khalani naye pansi muwerenge mzere ndi mzere. Pezani tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Onani ngati malipiro alembedwa m'manambala, ndi tsiku la mwezi limene azilandira. Funsani kuti akavulala adzalipira cipatala ndani. Ngati alemba kuti pangano lingaonjezedwe caka cina, funsani amene ali ndi mphamvu yoonjezayo, timu yokha kapena onse awiri. Pepalalo likhala la Cipwitikizi, conco mau amene simukuwamva muwalembe pambali, mufunse munthu amene si wa timuyo. Akasaina, atenge kope lake lokhala ndi siginecha za mbali zonse ziwiri, alisunge pouma.