NYENYEZI YA MCIRA IMENE INASWEKA

Nyenyezi ya mcira si nyenyezi yeniyeni ai. Ndi cibuluma cacikulu ca madzi oundana osanganizika ndi pfumbi ndi miyala. Cikayandikira dzuwa, madziwo asanduka nthunzi, ndipo nthunziyo pamodzi ndi pfumbi ndizo zioneka ngati mcira. Thupi lace n'losalimba, motero silicedwa kusweka.

M'mwezi wa March caka ca 1993, Eugene Shoemaker, mkazi wace Carolyn ndi bwenzi lao David Levy analinkujambula thambo pa phiri la Palomar ku America. Pa cithunzi cina Carolyn anaona cinthu cacilendo, congati nyenyezi ya mcira yophwanyika. Akatswiri ena atayang'anitsitsa ndi magalasi amphamvu oonera kutali, anapeza zidutswa 21 zitandandalika ngati mikanda pa cingwe. Anaicha Shoemaker-Levy 9.

Cinaiswa n'ciani? Nyenyeziyo inalinkuzungulira Jupiter, dziko lalikulu koposa maiko onse ozungulira dzuwa, ndipo mu July 1992 inapyola pafupi nalo kwambiri. Dziko liri lonse limakoka zinthu zoyandikana nalo. Ndico cifukwa cace mango akathothoka agwera pansi. Koma cikoka ca Jupiter n'coopsya. Mbali ya nyenyezi imene inayang'ana kwa Jupiter inakokedwa kolimba kuposa mbali inzace, ndipo cibuluma cija cinang'ambika.

Akatswiri anawerengera njira ya zidutswazo, nalengeza kuti zidzagunda Jupiter mu July 1994. Panalibe munthu amene anaonapo cotere ndi kale lonse, ndipo ena anati mwina sipadzaoneka kanthu.

Cidutswa coyamba cinagwa pa 16 July, cotsiriza pa 22 July. Liwiro lace linali ngati makilomita 60 pa sekondi imodzi; munthu asanawerenge kufikira 10, cidutswa cotere cikadacoka ku Lusaka ndi kufika ku Chipata. Zonse zinagwera kuseri kwa Jupiter, kumene anthu a pa dziko lapansi sakadapenya. Mwai wace unali wakuti Jupiter amatembenuka msanga, kamodzi pa maola osakwana 10, ndipo posacedwa malo ogundidwawo anaonekera. Panali mabanga akuda. Cidutswa cochedwa G, cimene cinagwa pa 18 July, cinasiya banga la makilomita oposa 12,000 m'mimba mwace, ndiko kunena lofanana ndi dziko lapansi kukula kwace. Mabangawo anakhala miyezi asanazimirire.

Si onse anagwiritsa nchito maso. Kuyambira 1955, pamene Bernard Burke ndi Kenneth Franklin anamva phokoso locokera kwa Jupiter, cinadziwika kuti dzikoli limaturutsa mafunde a wailesi, amene mphamvu yao imasinthasintha. Palibe munthu wolankhula kumeneko. Jupiter ali ngati maginito aakulu, ndipo timbeu ta magetsi tosaoneka ndi maso timathamanga momzungulira. Ndito timaturutsa mafundewo. Akatswiri amawachera ndi mbale zazikulu zacitsulo zopenya kumwamba. M'mlungu wa kugundako, mbale za m'maiko ambiri zinaonetsa kuti mafunde ena anakula mphamvu, ndipo anatenga miyezi kuti abwerere mwakale. Potero anazindikira kuti kugundako kunasokoneza ngakhale timbeu tija, kutali pamwamba pa mitambo ya Jupiter.

Mabanga aja anadetsa anthu nkhawa. Cidutswa cimodzi cokha cotere cikadagwa pa dziko lapansi, pfumbi lace likadaphimba dzuwa, ndipo mbeu m'minda zikadalephera kuca. Cifukwa cace mu 1998 bungwe la NASA linayamba nchito yofunafuna miyala ya m'mlengalenga yoposa kilomita imodzi kukula kwace imene imapyola pafupi ndi dziko lapansi. Mu September 2022 combo cao cochedwa DART cinagunda dala mwala wina dzina lace Dimorphos, pofuna kuona ngati anthu angathe kupatutsa mwala pa njira yace. Ulendo wa mwalawo wozungulira unzace waukulu unafupika ndi mphindi zoposa 30.