Wodwazika Nayenso Amatopa

Sewero la pa kanema la ku South Korea lotchedwa It's Okay to Not Be Okay, limene linatuluka m'chaka cha 2020 m'zigawo 16, ambiri amaliyesa nkhani ya chikondi chabe, pakuti ochita sewerolo, Kim Soo-hyun ndi Seo Yea-ji, ndi ooneka bwino ndithu. Koma ine mtima wanga unatsalira pa Gang-tae, mnyamata wosamalira odwala m'chipatala cha matenda a maganizo, amene kuyambira tsiku lija amayi awo anaphedwa analera mkulu wake Sang-tae wa autism, nasamuka naye uku ndi uko pothawa agulugufe amene mkuluyo ankawaopa, osapeza ngakhale mpata wa kulira.

Kuno ku Mkaika, m'boma la Katete, odwazika otere sasowa. Mayi amene mwana wake wasokonezeka maganizo, pomva anansi alikunong'ona za ufiti kapena chamba, amatseka chitseko, nasenza yekha denga limene akuluakulu anati mutu umodzi susenza. Chipatala chachikulu cha matendawa, Chainama Hills, chili ku Lusaka. Komatu St Francis ya ku Katete ili pafupi, ndipo lamulo la 2019 la matenda a maganizo limateteza ufulu wa odwalawo. Abale anga, mukapita kukazonda wodwala, mufunsenso wodwazikayo ngati wadya.