Botolo la Madzi Limene Linathandiza Mdzukulu Wanga Kupuma

Mdzukulu wanga anabadwa miyezi isanakwane, kamwana kongodzaza zikhatho ziwiri. Nditalowa m'chipinda cha ana akhanda pachipatala cha boma lathu, ndinamupeza ali ndi timapaipi m'mphuno, kachifuwa kakulowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya. Pambali pake panali kabokosi ndi botolo la madzi amene ankabwata ngati ali pamoto. Anamwino ataona kuti nkhope yanga yagwa anati, "Agogo, musaope. Madzi akamabwata chonchi ndiye kuti makina akugwira ntchito." Pamakinapo panalembedwa dzina la Chichewa: Pumani.

Ine ndaphunzitsa sayansi kusekondale zaka zambiri, koma ndinali ndisanaonepo sayansi ikugwira ntchito pamwana wamagazi anga. Mwana atatuluka m'chipatala ndinafuna kudziwa kumene makinawa anachokera, ndipo ndinapeza kuti ndi ntchito ya ophunzira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite.

Vuto lake ndi ili. M'mapapo muli timatumba tambirimbiri ta mpweya. Mwana wobadwa masiku asanakwane amasowa timadzi tina timene timaletsa timatumbati kumatana. Akatulutsa mpweya timafwaphira, ndipo kuti atitsekulenso amalimbana ngati munthu amene akuyamba kuuzira baluni yatsopano. Amatero mpaka kutopa, ndipo ambiri amatsirizikira pomwepo. Kuno kwathu vutoli ndi lalikulu: lipoti lina la padziko lonse la 2012 linasonyeza kuti mwa ana 100 alionse obadwa m'Malawi, pafupifupi 18 ankabadwa nthawi isanakwane.

M'mayiko olemera makina othandiza ana otere, otchedwa CPAP, analipo kale, koma mtengo wake unali pafupifupi madola 6,000. Aphunzitsi awiri a pa Rice University mumzinda wa Houston ku America, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, ataona mmene zinthu zinalili pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anakapereka vutoli kwa ophunzira awo a uinjiniya. Ophunzirawo, kuphatikizapo mtsikana wina dzina lake Jocelyn Brown, anatenga timapampu tiwiri timene anthu oweta nsomba m'nyumba amapopera mpweya m'madzi, n'kutiika m'kabokosi kapulasitiki kosungiramo nsapato. Timapamputo timatumiza mpweya mosalekeza m'mphuno mwa mwana, ndipo paipi ina imakamira m'botolo la madzi. Kuya kwa paipiyo ndiko kumasunga mphamvu ya mpweya m'mapapo kuti timatumba tija tisafwaphire. Kubwata kuja kumachokera pamenepo.

Koma chipangizo chokongola pathebulo la kuyunivesite sichinakhale mankhwala mpaka chitayesedwa. Apa ndi pamene madokotala ndi aphunzitsi a ku College of Medicine, imene lero ili m'yunivesite ya KUHeS, anagwira ntchito yaikulu. Pulofesa Elizabeth Molyneux, Dokotala Kondwani Kawaza ndi anzawo, pamodzi ndi anamwino a ku Chatinkha, chipinda cha ana akhanda pa Queen Elizabeth, anayesa makinawa pa kafukufuku wa ana 87 obanika. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Mwa ana amene anangopatsidwa okosijeni monga mwa masiku onse, 44 pa 100 alionse anakhala ndi moyo. Mwa amene anaikidwa pamakina atsopanowa, anali 71 pa 100. Manambala amenewa ndi amene anatsegula njira kuti Pumani afike m'zipatala za m'maboma, mpaka pabedi la mdzukulu wanga.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti nzeru sizinayende njira imodzi. Ophunzira a ku America ankadziwa masamu a mpweya, koma anamwino athu ndi amene ankadziwa za fumbi, za magetsi ozimazima ndiponso za ntchito ya usiku munthu ali yekha ndi ana ambiri. Makinawa ankasinthidwa potsatira zonena zawo. Mu 2013 aphunzitsi awiri aja atalandira mphoto ya Lemelson-MIT ya madola 100,000, anaipereka kuti ikakuzire chipinda cha ana akhanda pa Queen Elizabeth. Kenako ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, kunatsegulidwa malo oti ophunzira athu azipangiramo ndi kukonza zipangizo za m'chipatala ndi manja awo.

Anthu ambiri timaganiza kuti kafukufuku ndi mapepala ongodzaza fumbi m'mashelefu, ndipo kuti mwana amapita kuyunivesite kukangotenga digiri yofunira ntchito. Ine ndinasiya kuganiza choncho. Mdzukulu wanga lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo chifukwa wophunzira wina anafunsa funso, mphunzitsi wake sanamunyoze, ndipo dokotala wina anapirira kuwerenga ana mmodzimmodzi mpaka umboni unapezeka.

Makolo anzanga, mwana akamamasula wailesi yakufa kuti aone zam'kati, musamulande. Mtsikana akasankha masamu ndi fizikisi, musamuuze kuti ndi za anyamata. Ndipo inu a boma ndi amakampani, ikani ndalama m'malabotale a mayunivesite athu, chifukwa m'zipatala mwathu mudakali ana ambiri amene akudikira chipangizo chimene sichinapangidwe.