Nzimbe za ku Dwangwa ndi njovu za m'nkhalango

Angerezi ali ndi liwu limodzi, reclaim, lonenera ntchito ziwiri zimene ife sitingaziike m'dengu limodzi. Analitenga kwa Afalansa, amene nawonso analitola ku Chilatini, reclamare, kunena kufuula motsutsa. M'zaka za m'ma 1300, alenje a ku England ankaweta akabawi osakira mbalame, ndipo liwuli linkanena za kuitana kabawi kuti abwerere padzanja la mbuye wake. M'zaka za m'ma 1700 linayamba kunenanso za kusandutsa dambo kukhala munda. Ntchito ziwirizi zilipo m'boma la Nkhotakota. Munthu wolowera kumpoto pa msewu wa M5 amaona mapiri a nkhalango kumanzere, akawoloka mtsinje wa Bua n'kuyendabe, amangozindikira walowa m'minda ya nzimbe.

Ku Dwangwa, kumene mtsinje wa Dwangwa umathira m'nyanja, kunali madambo ndi zithaphwi. Anakumba ngalande, kusalaza nthaka, kudzala nzimbe, ndipo fakitale ya shuga inayamba kugaya mu 1979. Inali m'manja mwa Lonrho mpaka Illovo itagula mu 1997. Mu 1982 kunabwera Ethco, yopanga mafuta osakaniza ku petulo kuchokera ku zotsalira za shuga. Tauni yonse ya Dwangwa, misika, akabaza, nyumba za lendi, yaima pa nzimbe. Wokana zimenezi ndiye kuti sanafikeko pakutha pa mwezi, antchito atalandira.

Koma amene anati dambo lija linali lopanda ntchito ndani? Kunyanja dambo ndi munda wa mpunga, ndi msipu wa ng'ombe, ndi kodula bango la mphasa. Mabanja ena anasamutsidwa, ndipo pamene ulimi wa nzimbe unkafalikira ku minda ya alimi ang'onoang'ono, mikangano ya malo inafika kwa mafumu ndi kumakhoti. Apa palibe chimene chinabwerera kwa mwini wake. Panabadwa chinthu chatsopano, chopindulitsa ndithu, pa malo amene anali ndi eni ake kale.

Za ku nkhalango ya Nkhotakota n'zina. Nkhalangoyi, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kale inali ndi njovu zoposa 1,500. Pofika 2015, pamene bungwe la African Parks linagwirizana ndi boma kuti liziyendetsa malowa, mfuti ndi makhwekhwe a waya zinali zitasiya njovu zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinagonekedwa tulo, kukwezedwa m'malole, kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete. Zinabwera ndi nyama zina monga njati ndi mphalapala. Ndipo kuteteza nkhalango n'kutetezanso Bua, umene mpasa zimakwera kukaswana, nsomba imene m'mitsinje ina yambiri yayamba kusowa. Msodzi wa kunyanja, amene mwina njovu sanaionepo, ali nayo phindu nkhalangoyi.

Kuona kwanga, tanthauzo lakale lija, la kuitana chinthu kuti chibwerere, likuyenera nkhalango kuposa Dwangwa, pakuti njovu zinalimo agogo athu asanabadwe. Komabe waya wa magetsi wotchinga nkhalangoyi uli ndi nkhope ziwiri. Umaletsa njovu kuzula chinangwa cha anthu, chimene kwa odya kondowole si nkhani yamasewera, koma umatsekanso njira imene mayi ankadzera kokatola nkhuni ndi kokazula bowa.

Choncho mukamva akuluakulu a chitukuko akunena kuti akuwombola malo, reclaim ija, kaya ndi dambo kaya ndi nkhalango, afunseni kuti akuwawombola m'manja mwa yani, ndipo amene ankadyerapo kale apita kuti. Funso limenelo muwafunse pa msonkhano woyamba, mathirakitala asanafike.